Musanagule penti, yambani mwagogoda khoma

Lero tikambirane za khoma la kunja kwa nyumba, mbali ija imene dzuwa limawomba, mvula imamenya, ndipo mlendo amayamba kuiona asanaodire n'komwe.

Chaka chilichonse mvula ikasiya, anthu akagulitsa fodya, soya kapena mtedza, mawilibala amakhala pikitipikiti m'makomo. Wina akuwonjezera chipinda, wina akusintha mawindo, wina akufuna nyumba ya makolo kumudzi ioneke bwino chinkhoswe chisanafike. Abale athu amene ali ku Joni kapena ku Britain amatumiza ndalama pamodzi ndi chithunzi pa WhatsApp, n'kunena kuti, "Kunjako kukhale chonchi." Ndipo nthawi zambiri ndalama yoyamba imathamangira ku penti. Pempho langa kwa inu bambo, inu mayi, ndi lakuti penti ikhale yomaliza. Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Nyumba zambiri zimene timazisirira mu Seputembala, pofika Febuluwale penti imakhala itatupa, pulasitala akuyoyoka, ndalama ija yapita m'madzi.

Ndatchula madzi dala, chifukwa ndiwo mdani wamkulu wa khoma. Dzuwa limasulukitsa penti, chiswe chimadya matabwa, koma chimene chimafumbutsa pulasitala, kufewetsa njerwa ndi kugwetsa chipupa ndi madzi. Tinaona ndi maso athu mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwa m'chigawo cha kummwera. Kupatula nyumba zimene zinakokoloka ndi matope ochokera m'phiri la Soche ndi malo ena, panali zambirimbiri zimene mtsinje sunazifike n'komwe. Zinagwa chifukwa makoma anamwa mvula masiku angapo osalekeza mpaka dothi logwira njerwa linasungunuka. Zomwezo tinaziona mu Januwale 2015, komanso pa namondwe wa Ana mu Januwale 2022.

Choncho musanaitane mmisiri, zungulirani nyumba yanu, muyambe mwayang'ana kumwamba. Kodi malata atuluka motalika bwanji kuchoka pa khoma? Masiku ano, pofuna kupulumutsa malata ndi matabwa, ambiri denga amalidulira pafupi ndi khoma penipeni, moti mvula iliyonse imasambitsa chipupa kuyambira pamwamba mpaka pansi. Denga lotuluka masentimita 60 kapena kuposerapo limateteza khoma kuposa penti iliyonse imene mungagule m'sitolo. Mukadzafika ku Blantyre, kaoneni Mandala House. Inamangidwa mu 1882, simenti isanafale m'dziko muno, ndipo mpaka lero ili chiimire. Yang'anani khonde lake lalikululo, mudzamvetsa chimene chaisunga. Makolo athu kumudzi ankadziwa zomwezi: nyumba ya udzu inkakhala ndi khonde lozungulira, ndipo madzi ankadonthera kutali ndi chipupa.

Pali kamangidwe kena kamene katchuka m'matauni, kobisa denga kuseri kwa khoma kuti nyumba izioneka ngati ya konkire pamwamba. Ndi kokongola, sindikana. Koma dziwani kuti khoma lotere lilibe chilichonse cholitchinga, ndipo mvula imalowa kuchokera pamwamba pake penipeni. Ngati nyumba yanu ndi yotere, pamwamba pa khomalo pafunika chovindikira cha konkire kapena cha lata chotulukako pang'ono mbali zonse ziwiri, ndipo magata obisika aja azichotsedwa masamba mvula isanayambe. Mizere yakuda ija imene imatsika pansi pa mawindo nayo ili ndi chifukwa chake: kunsi kwa pawindo pamafunika kangalande kakang'ono kodula madzi kuti azidontha pansi m'malo moyenderera pa khoma. Ndi ntchito ya mphindi zochepa, koma amisiri ambiri amaidumpha ngati mwini nyumba sanaitchule.

Tsopano yang'anani pansi, ndipo apa ndichedwapo pang'ono chifukwa ndi pamene ambiri timalakwitsa. Muona nyumba imene kuyambira pansi mpaka m'mawondo kapena m'chiuno penti yafufuma, pulasitala ukamukhudza akuyoyoka ngati mchenga, ndipo pali zoyera ngati ufa. Chimenecho ndi chinyezi chochokera m'nthaka. Njerwa imayamwa madzi, madziwo amakwera m'timabowo take, ndipo akamauma panja amasiya mchere umene anautenga m'dothi. Mcherewo ukamaundana umakankha pulasitala ndi penti. Chinyezi chotere kawirikawiri sichikwera kupitirira mita imodzi, n'chifukwa chake pamwamba pamakhala bwinobwino pamene pansi pawola.

Chotchinga chake ndi pepala lakuda la pulasitiki lija amisiri amati DPC, limene limayalidwa pamwamba pa fandeshoni khoma lisanakwere. Liyenera kukhala masentimita osachepera 15 pamwamba pa nthaka ya panja, kutanthauza pafupifupi mizere iwiri ya njerwa. Nyumba zambiri pepalali lilimo ndithu, koma eni ake analigonjetsa okha osadziwa. Anathira dothi kuti pabwalo pakwere, kapena anayala mapevingi mpaka kukwirira mzere wa pepalalo. Ena anadzala maluwa motsamira khoma ndipo amathirira m'mawa uliwonse. Ena mmisiri anamata pulasitala kuchokera pamwamba mpaka kukhudza dothi, ndiye madzi amangolambalala pepala lija kudzera mu pulasitalayo. Mankhwala ake si okwera mtengo. Chotsani dothi mpaka mzere wa pepala uonekere. Maluwa asunthireni kutali. Mangani kakhonde kozungulira nyumba, kotambalala masentimita 60 kapena mita imodzi, kopendekera kunja kuti madzi azithawa. Pulasitala adulidwe pa mzere wa pepalalo. Kenako dikirani. Khoma limene lamwa madzi zaka zambiri siliuma sabata imodzi, limafuna miyezi. Mchere woyera uja muziuchotsa ndi bulashi youma, osautsuka ndi madzi, chifukwa ukasungunuka umabwereranso m'njerwa.

Nanga ngati nyumba inamangidwa yopanda pepalalo? N'zotheka kuliika, koma ndi ntchito ya mmisiri wodekha, wochotsa njerwa pang'onopang'ono, kagawo kosapitirira mita imodzi, n'kutseka, n'kudikira kuti palimbe asanatsegule pena. Chimene ndikukupemphani kuti musachite ndi kubisa chinyezi ndi matailosi kapena penti ya mafuta. Madzi akatsekeredwa kunja amakwera pamwamba pa matailosiwo kapena amatulukira m'kati, kuchipinda kumene ana amagona.

Mukatha kuona kumwamba ndi pansi, tengani kiyi kapena chogwirira cha hamala, muyende mukugogoda khoma. Pamene pulasitala wagwira bwino pamamveka polimba. Pamene wasiyana ndi njerwa pamalira ngati mulibe kanthu m'kati. Zungulizani malo oterowo ndi choko kapena khala. Onsewo ayenera kugumulidwa mpaka pofika pamene pagwira, ngakhale akuoneka osalala bwanji. Pakani chikhato pa penti yakale: ngati dzanja layera, pentiyo yatha mphamvu, ndipo yatsopano ikaikidwa pamwamba pake idzasendeka nayo limodzi. Kandani pulasitala ndi msomali. Akamayoyoka mosavuta ndiye kuti simenti inachepa kapena sanathiriridwe madzi pamene ankamatidwa. Ngati malo owonongeka afika theka la khoma, kuika zigamba n'kutaya ndalama, kuli bwino kuchotsa yense n'kuyambiranso.

Ming'alu nayo si yofanana. Pali timing'alu tating'onoting'ono tolukanalukana, tooneka bwino khoma likanyowa. Timeneto n'ta pulasitala yekha, timabwera ngati anauma mofulumira, ngati simenti inachuluka, kapena ngati mmisiri anasalaza mopitirira. Sitigwetsa nyumba. Koma mng'alu woyenda chopingasa kuchokera pa ngodya ya windo kapena chitseko, wotsata mizere ya njerwa ngati masitepe, wooneka kunja ndi m'kati momwe, umenewo ukunena za fandeshoni kapena lintala. Anzathu a ku Chikwawa, Nsanje ndi Phalombe, kumene kuli dothi la makande lotupa nthawi ya mvula ndi kung'ambika m'chilimwe, amaidziwa bwino ming'alu yotere. A ku Karonga anaiona pa zivomerezi za mu Disembala 2009, ndipo a ku Salima pa chija cha mu Malichi 1989. Mizu ya mtengo waukulu umene uli pafupi, kapena paipi yodontha pansi pa nthaka, zimachitanso chimodzimodzi.

Musathamangire kutseka mng'alu wotere. Lembani ndi pensulo pamene wathera, mulembenso deti, kapena matanipo kachidutswa kopyapyala ka simenti modutsa mng'aluwo. Pakapita mwezi umodzi kapena iwiri, kaoneni. Ngati kachidutswa kaja kang'ambika, kapena mng'alu wapitirira pamene munalemba, nyumba ikuyendabe, ndipo pafunika injiniya kapena mmisiri wodziwa za fandeshoni. Ngati mng'aluwo ndi waukulu moti chala chikulowa, musadikire n'komwe. Koma ngati waima, ukuzeni ndi tchizulo kuti simenti ipeze polowa, chotsani pulasitala masentimita 15 mbali iliyonse, khomererani waya wa nkhuku modutsa mng'aluwo, nyowetsani, kenako matani. Kungopaka simenti ndi chala pamwamba, mng'alu umabwerera mvula yoyamba.

Tifike tsopano pa kusankha. Anthu ambiri amasankha poona nyumba ya mnansi. Ine ndikuti sankhani poona chimene chili m'kati mwa khoma lanulo, pakuti chovala cha kunja chiyenera kugwirizana ndi chimene chikuvekedwacho. Lamulo limene amisiri akale ankalidziwa ndi lakuti pulasitala asalimbe kuposa khoma limene wamatidwapo.

Tiyambe ndi nyumba ya zidina kapena ya mdindo, chifukwa ndi mmene Amalawi ambiri akukhala, ndipo palibe chamanyazi pamenepo. Mwana akayamba ntchito m'tauni, mphatso yoyamba imene amaganizira makolo ndi kuwamatira nyumba ndi simenti. Mtima wake ndi wabwino, koma simenti ndi dothi sizigwirana. Dothi limatupa ndi kunyala malinga ndi nyengo pamene simenti ndi youma gwa. Pakapita chaka chimodzi kapena ziwiri pulasitala amasiyana ndi khoma, madzi amalowa pa mng'alu, ndipo popeza simenti salola kuti atuluke msanga, zidina zimafewa kuseri mwakachetechete. Tsiku lina chigamba chachikulu chimangogwa, n'kupeza khoma ladyeka kale. Khoma la dothi limafuna chomata chimene chimalola chinyezi kutuluka. Kumata ndi dothi losakaniza mchenga, monga amachitira amayi athu chaka ndi chaka, ndi njira yoyenera, osati yaumphawi. Mukafuna cholimbirapo, gwiritsani laimu wosakaniza ndi mchenga, gawo limodzi la laimu pa magawo atatu a mchenga, n'kupaka njereza pamwamba. Laimu timakumba konkuno, ku Balaka ndi ku Lirangwe. Njereza imafuna kubwereza pafupipafupi, koma ndi yotsika mtengo ndipo khoma limapuma. Ngati mwatsimikiza kuti mukufuna simenti basi, khomererani waya wa nkhuku pa khoma lonse ndi misomali italiitali, simenti ikhale yochepa mphamvu yosakaniza ndi laimu, ndipo denga likhale lotuluka mokwanira. Kumunsi, kumene madzi odontha kudenga amathovukira, ndiye kofunika kutetezedwa kwambiri.

Nyumba zambiri m'matauni ndi m'ma trading centre ndi za njerwa zootcha zomangidwa ndi dothi. Izi simenti imagwira, pokhapokha mmisiri atayamba wakolokosa dothi la pakati pa njerwa kulowa m'kati ngati sentimita imodzi ndi theka, kuti pulasitala apeze pogwira. Koma funsani kaye ngati pulasitala akufunika n'komwe. Njerwa zikakhala zopsa bwino, zolira ngati chitsulo mukazigundanitsa, zowongoka, kupoyinta kokha n'kokwanira. Kumadya simenti yochepa, ndipo simudzagulanso penti moyo wanu wonse. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre Mission, chimene chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, n'cha njerwa zoumbidwa ndi kuotchedwa konkuno, ndipo kukongola kwake kuli m'njerwa zosabisikazo. Ndimamva chisoni ndikaona khoma la njerwa zabwino likukwiriridwa ndi pulasitala chifukwa choti wina wanena kuti njerwa zoonekera n'zachikale. Komabe tinene zoona: njerwa za m'mphepete mwa uvuni, zotuwa zija zosapsa bwino, zimamwa madzi kwambiri ndipo zimafumbutuka. Zoterozo zimafuna kumatidwa, makamaka mbali imene mvula ya mphepo imachokera. Ku Thyolo, Mulanje ndi Nkhata Bay, kumene mvula ndi yambiri ndipo makoma sachedwa kumera ndere, nkhaniyi ndi yaikulu kuposa ku Balaka kapena ku Mangochi.

Mabuloko a simenti afala kwambiri, makamaka kuyambira 2018 pamene boma, kudzera ku National Construction Industry Council, linaika malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomangamanga za boma, za mabungwe ndi za malonda, pofuna kupulumutsa mitengo. Buloko imanyala ikamauma. Mukamangira buloko yoti yaumbidwa dzulo, khoma limadzang'ambika motsata mizere, pulasitala n'kung'ambika nalo. Gulani mabuloko amene akhala milungu itatu kapena inayi. Ndipo inu amene mukuwonjezera chipinda cha mabuloko pa nyumba yakale ya njerwa, dziwani kuti pamene ziwirizi zakumana padzang'ambika, chifukwa chatsopano chimakhazikika pamene chakale chinakhazikika kalekale. Kuli bwino kusiyiratu mzere wowongoka pamalopo, n'kuutseka ndi mankhwala ofewa otsekera mipata, kusiyana n'kuubisa kuti udzang'ambike mokhotakhota.

Pulasitala wokhakhala uja wowaza ndi kamakina kopukusa ndi dzanja, amene ambiri amati rafukasiti, ine ndimamukonda pa khoma la kunja. Amabisa timing'alu, amamwaza madzi a mvula, ndipo akhoza kukhala wosapenta. Vuto lake ndi fumbi. M'mbali mwa msewu wadothi amafiira msanga, ndipo chigamba chake chimaonekera. Miyala ndi matailosi pa khoma n'zokongola ndithu, koma n'zolemera, ndipo zimafuna khoma louma ndi lolimba. Zikamatidwa pa pulasitala wofooka, tsiku lina zidzagwera mwana amene akusewera pansi pake.

Tinene za kasakanizidwe, chifukwa apa ndi pamene mwini nyumba ndi mmisiri amakanganirana. Thumba la simenti la makilogalamu 50 ndi pafupifupi malita 33. Wilibala ya amisiri yodzaza mosasefukira ndi pafupifupi malita 65, kutanthauza matumba awiri. Pa khoma la kunja la njerwa zabwino kapena mabuloko, thumba limodzi lipite ndi mawilibala awiri kapena awiri ndi theka a mchenga. Mawilibala atatu ndi a m'kati mwa nyumba. Mukamva kuti thumba limodzi lapita ndi mawilibala asanu, ameneyo si pulasitala, ndi mchenga wonyengerera, ndipo nthawi zambiri amene amalamula zimenezi ndi mwini nyumba yemwe pofuna kuti matumba akwanire. Kuchulukitsa simenti nakonso si nzeru, pulasitala amang'ambika. Pa khoma lakale la njerwa zofewerapo, muyeso wa simenti imodzi, laimu mmodzi ndi mchenga isanu ndi umodzi umagwira bwino. Pulasitala akhale wokhuthala pakati pa sentimita imodzi ndi imodzi ndi theka. Ngati khoma ndi lokhota moti pena pafunika wochuluka, amatidwe kawiri, woyamba akandidwe ndi kuumako kaye. Pa kukhuthala kotere thumba limodzi limamata pafupifupi masikweya mita 8, ndiye mukhoza kuwerengera nokha musanapite ku hadiweya.

Pa thumba pamalembedwa 32.5 kapena 42.5. Pomata khoma ya 32.5 ndi yokwanira, kaya ndi yochokera ku Kasungu, ku Mangochi, ku Blantyre kapena yolowa kuchokera ku Zambia. Chofunika ndi chakuti ikhale yatsopano, yosapitirira miyezi itatu, yopanda mibulu, ndipo muone chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards kapena cha bungwe la miyeso la dziko limene yachokera. Mchenga ndiwo umapusitsa ambiri. Wa kudambo umamatika bwino koma nthawi zina umakhala ndi dothi lambiri, pamene wa kumtsinje ndi woyera koma ukhoza kukhala wokhakhala kwambiri. Amisiri odziwa amasakaniza iwiriyi. Kuti muuyese, thirani mchenga m'botolo loonekera mpaka theka, onjezerani madzi, khutchumulani, musiye usiku wonse. Mchenga umakhala pansi, dothi pamwamba. Ngati dothilo lapitirira gawo limodzi mwa magawo khumi, funani mchenga wina. Usefedwe kuti mizu ndi zinyalala zichoke. Madzi akhale oti munthu akhoza kumwa. Kumadera a m'chigwa cha Shire kumene mijigo ina imatulutsa madzi amchere, madzi oterowo amabweretsa zoyera zija pa khoma latsopano. Ndipo matope a simenti akasakanizidwa agwire ntchito pasanathe maola awiri. Aja amene ayamba kuuma, wina n'kuthiramo madzi kuti afewenso, mphamvu yake imakhala itapita.

Khoma linyowetsedwe musanamate, kuti njerwa zisamwe madzi a mu pulasitala. Mukamata, thirirani m'mawa ndi madzulo masiku asanu ndi awiri. Simenti silimba chifukwa chouma, imalimba chifukwa chokhala ndi madzi. Ntchito yothirirayi musaisiyire mmisiri, iye akalandira ndalama yake amapita kwina. Ndi yanu eni nyumba. N'chifukwa chake miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti ndi yabwino pa ntchito imeneyi kuposa Okutobala, pamene dzuwa limaumitsa pulasitala asanagwire. Ngati mwakakamizika kumata nthawi yotentha, yambani mbali imene kuli mthunzi, ndipo tchingani ndi masaka onyowa.

Penti idikire milungu inayi. Pulasitala watsopano amakhala ndi chinyezi komanso ukali wa simenti umene umadya penti, makamaka ya mafuta. Yambani ndi andakoti yopangidwira pulasitala, kenako penti ya madzi yolembedwa kuti ndi ya kunja, kawiri. Ya m'kati ndi yotsika mtengo, koma panja siikhalitsa. Musaisungunule ndi madzi kupitirira muyeso umene walembedwa pa chitini pofuna kuti ikwanire nyumba yonse. Pamene pamera ndere, tsukani kaye ndi madzi osakaniza jiki, muyembekeze paume. Mtundu woyererapo umabweza kutentha, chinthu chofunika kwa anzathu a kunyanja ndi kuchigwa, pamene mitundu yakuda kwambiri imatenthetsa khoma ndipo imasuluka msanga.

Tibwerere ku zithunzi zija zochokera kunja. Ku America nyumba zambiri ndi za mafelemu a matabwa, ndipo kunja amakhomerako timatabwa tosanjikizana, ta mtengo, ta pulasitiki kapena ta simenti yosakaniza ndi ulusi. Kumeneko zimenezi ndizo zimatchinga mvula, pakuti kuseri kwake kulibe njerwa. Abale athu ku South Africa amazidziwa nyumba za mabodi a Nutec zimene zimamangidwa kuseri kwa mapuloti. Kuno kwathu khoma la njerwa limadziimira palokha, ndiye kukhomerapo zimenezi n'kukongoletsa chabe, ndipo kuli ndi mtengo wake. Mpata umene umatsala kuseri, ukapanda kutsekedwa ndi sefa, umasanduka njira ya chiswe, makoswe ndi mileme. Matabwa a paini a ku Chikangawa, akapanda kuthiridwa mankhwala, chiswe sichiwachedwetsa. Mkungudza wa ku Mulanje, umene chiswe chimauopa, tautha ndi nkhwangwa zathu zomwe, ndipo wokugulitsani lero ayenera kuti waudula mozemba. Pulasitiki pa dzuwa lathuli imauma n'kuyamba kuthetheka, ndipo chidutswa chimodzi chikasweka, chofanana nacho simudzachipeza pafupi. Ngati mukufunabe mabodi, a simenti ndi ulusi ndiwo abwinoko: sayaka, chiswe sichidya. Akhomedwe pa timitanda tosiya mpata woti mpweya uzidutsa, ndipo asakhudze nthaka.

Pali china chimene ndikufuna eni mashopu ndi nyumba zosanja amve. Mapanelo onyezimira a aluminiyamu aja, amene tikuwaona pa nyumba zamalonda ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, si onse ofanana. Ena pakati pake pali pulasitiki yoyaka msanga. Pa 14 Juni 2017, ku London, moto umene unayambira m'khitchini ina mu Grenfell Tower, nyumba ya nsanjika 24, unatulukira pawindo n'kukwera kunja kudzera m'mapanelo otere, amene anali atangoikidwa pokonzanso nyumbayo. Anthu 72 anafa. Mukamagula mapanelo, funsani kuti pakati pake pali chiyani, ndipo wogulitsa akuonetseni pepala la fakitale lonena za moto. Akakanika, musagule.

Chenjezo lina ndi la amene mukukonza nyumba zakale, monga zija za boma, za njanji ndi za m'maesiteti. Zambiri zili ndi denga, siling'i kapena mabodi a asibesitosi. Akakhala osasweka savuta, koma fumbi lake likalowa m'mapapo limayambitsa matenda, kuphatikizapo khansa, amene amaonekera patapita zaka makumi angapo. South Africa inaletsa asibesitosi mu 2008. Musamudule ndi gulayinda, musamupale ndi sandipepa, musamuphwanye kuti mukwirire maenje a pamsewu. Penti yakale ya mafuta nayo ikhoza kukhala ndi mtovu umene umawononga ubongo wa ana. Poipala nyowetsani kaye, valani chotchinga kukamwa ndi mphuno, ana ndi amayi oyembekezera akhale kutali, ndipo zopalidwazo zisesedwe nthawi yomweyo.

Pomaliza pa zonse pali mmisiri. Musamusankhe chifukwa watchula mtengo wotsika kapena chifukwa ndi mlamu wanu. Mufunseni nyumba imene anamata zaka zitatu zapitazo, mupite mukaione, mukagogode khoma lake. Ya mwezi watha siikuuzani kanthu, chifukwa sinaone mvula. Gwirizanani polemba: makoma ati, muyeso wanji wa simenti, ndani agule mchenga, ndani abweretse makwerero, ndipo malipiro aziperekedwa m'magawo malinga ndi ntchito imene yatha. Gawo lomaliza lidikire mpaka masiku othirira atakwana ndipo mwayendera limodzi khoma lonse. Koma inunso bwana, mmisiri akakuuzani kuti khoma silinaume, kapena kuti matumba amene mwagula sakwanira, mumvereni. Amisiri abwino ambiri amagwira ntchito yoipa chifukwa chokakamizidwa kuti amalize Loweruka, alendo akubwera. Ndalama zikachepa, musamwaze simenti yochepayo pa nyumba yonse. Konzani denga ndi kakhonde chaka chino, matani mbali imene mvula imamenya kwambiri, mbali zinazo zidikire kukolola kwa chaka chamawa.